Mizere imene ndinapanga mwangozi pa GIMP tsopano ikufunika pa positala ya A3

Nambewe:
Moni nonse a pa gulu lino. Ndabwera ndi vuto limene ndalimbana nalo kwa masiku atatu, ndipo ndaona kuti kufunsa n'kwabwino kusiyana ndi kumangotha batire ya laputopu pachabe. Sabata yatha, madzulo ena, ndinkangoseweretsa ma filter pa GIMP 2.10, pulogalamu yokonzera zithunzi, popanda cholinga. Ndinatsegula chithunzi chatsopano cha ma pixel 800 m'lifupi ndi 1200 m'litali, ndinathirapo Solid Noise imene imapanga mtambo wotuwa, kenako ndinayamba kusinthanitsa Gaussian Blur ndi Unsharp Mask kambirimbiri, mpaka mtambo wotuwa uja unasanduka mizere yokhotakhota, yolukanalukana ngati njira za chiswe pansi pa khungwa la mtengo wouma. Pomaliza ndinaipaka mtundu wa katondo ndi wachikasu ndi Gradient Map, ndinasunga ngati JPEG, n'kuika pa status. Munthu wina amene akukonza madzulo a ndakatulo wachiona, ndipo akufuna kuti chikhale kumbuyo kwa mawu pa positala ya A3. Ndikachikulitsa chikungooneka chimbuuzi, ndipo m'mphepete mwa mizere mukutuluka timabokosi tonyansa. Ndikayamba mwatsopano pa kukula kwa A3, chikutuluka ndi timizere ting'onoting'ono ngati mchenga, osati chija anachikonda. Manambala sindinalembe ngakhale imodzi. Kodi pali njira yochibwezera, kapena ndikawauze eni ntchito kuti chinali cha tsiku limodzi?

Abambo a Mphatso:
Mayi Nambewe, musafulumire kuwabweza eni ntchito, chifukwa mavuto anu ndi awiri osiyana ndipo onse ali ndi chifukwa chodziwika. Timabokosi mukutionato ndi ta JPEG. Posunga chithunzi, JPEG imachigawa m'timagawo ta ma pixel 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, n'kutaya zina mwa zimene zili m'kagawo kalikonse kuti fayilo ichepe. Pa foni maso sationa, koma mukakulitsa chithunzi kanayi kapena kasanu, mukukulitsanso timagawo tomweto. Vuto lachiwiri ndi lakuti ma filter awiri munkasinthanitsawo, Gaussian Blur ndi Unsharp Mask, amayeza mtunda ndi ma pixel, osati ndi masentimita kapena ndi gawo la chithunzi. Ngati blur yanu inali 3 pa chithunzi cha 800, ndipo mwaikanso 3 pa chithunzi cha 3500, mizere ituluka yonenepa chimodzimodzi powerenga ma pixel, koma papepala ikhala yopyapyala koposa kanayi. N'chifukwa chake mukuona mchenga. Manambala onse oyeza mtunda ayenera kukula pamodzi ndi chithunzi.

Wosindikiza wa ku Limbe:
Ndiloleni ndipereke miyeso, popeza mapositala oterewa amafika m'manja mwanga tsiku ndi tsiku. Pepala la A3 ndi mamilimita 297 ndi 420, ndipo pa ma pixel 300 pa inchi limafuna ma pixel 3508 ndi 4961. Ngati mtundu ukufika mpaka m'mphepete mwa pepala, timapempha mamilimita 3 owonjezera mbali zonse kuti mpeni podula usasiye kamzere koyera. Malangizo anga ndi akuti mutsegule chithunzi cha 3600 ndi 5400. Kukula kumeneku n'kochulukitsa chanu chakale ndi 4.5 ndendende mbali zonse ziwiri, kotero masamu sakuvutani, ndipo chotsala kumtunda ndi kumunsi tidzadula. Chinanso, mukamaliza musadzatumize fayilo ngati chithunzi pa WhatsApp, chifukwa imachifinya n'kubweretsanso timabokosi tija. Tumizani ngati document, kapena bwerani nacho pa flash.

Aphunzitsi a Masamu:
Mayi, musanachoke pa mfundo ya Abambo a Mphatso, ndikufuna mudziwe dzina la chimene mwapangacho, chifukwa mukachidziwa mudzachilamulira. Mizere yotereyi imatchedwa ndi dzina la Alan Turing, katswiri wa masamu wa ku Britain, amene mu 1952, ali ku Manchester, anafalitsa pepala lofotokoza momwe mawanga ndi mizere zingabadwire zokha pa chinthu chimene poyamba chinali chofanana ponseponse. Iye ankaganiza za mankhwala awiri amene akusakanikirana ndi kufalikira m'thupi la chamoyo chimene chikukula. Mmene akatswiri anadzalongosolera pambuyo pake, mankhwala amodzi amadzichulukitsa pamene ali koma amafalikira pang'onopang'ono, pamene enawo amatsekereza oyambawo ndipo amafalikira patali msanga. Chotsatira chake n'chakuti pamalo pamene pachuluka oyamba aja pamakula, koma mozungulira pake pamaletsedwa, ndipo malo ena ofanana nawo sangabadwe pokhapokha pa mtunda wakutiwakuti. Zili ngati zulu za chiswe m'dambo, zimene sizimera mothithikana chifukwa chulu chilichonse chili ndi dera lake lodyera. Mu 1995 akatswiri awiri a ku Japan, Shigeru Kondo ndi Rihito Asai, anaonetsa kuti mizere ya nsomba ina ya m'nyanja yamchere imasuntha ndi kugawanika pamene nsombayo ikukula monga momwe masamu amenewa amanenera.

Tsopano onani zimene ma filter anu amachita. Gaussian Blur imagawira kuwala kwa pixel iliyonse kwa anzake oyandikana nawo. Unsharp Mask imapanga kope lachimbuuzi la chithunzi, n'kuona pamene chithunzi chikusiyana ndi kopelo, n'kukulitsa kusiyanako, kotero malo owala pang'ono kuposa owazungulira amawaliratu, ndipo owazungulirawo amada. Imodzi imafafaniza tinthu tating'ono kwambiri, inayo siisamala za zinthu zazikulu kwambiri, ndipo chimene chimapulumuka pa ulendo uliwonse ndi mizere ya kunenepa kumodzi kokha. Mukabwereza maulendo makumi awiri kapena atatu, zina zonse zimafa, n'kutsala mizere yokhayo. Choncho kunenepa kwa mizere kuli m'manja mwanu, pamene njira imene mzere uliwonse wadutsa inachokera ku mtambo munayambira uja.

Nachisale:
Ndawerenga zonsezi ndipo ndaphunzirapo, koma ndinene maganizo anga ngakhale akhale owawa. Ine ndinaphunzira kujambula ndi pensulo ndi makala ndisanakhudze kompyuta, ndipo zimandivuta kutcha zinthu zotere kuti ndi luso. Munthu wadina batani maulendo makumi atatu, kompyuta yatulutsa chinthu chimene iyeyo sanachiganize, ndipo tsopano sangathe kuchibwereza. Mmisiri wosema mtondo mukamuuza kuti asemenso wina wofanana, amasema. Komanso ine ndikaona positala ya ukwati kapena ya msonkhano wa mpingo imene kumbuyo kwake kuli Clouds ya Photoshop yopakidwa buluu, ndimaizindikira ndili patali, chifukwa zonse zimafanana ngati ana a mimba imodzi. Kodi sikungakhale bwino kuti Mayi Nambewe apite panja ndi foni, akajambule khungwa lenileni kapena matope ong'aluka, n'kugwiritsa ntchito chimenecho?

Abambo a Mphatso:
Achemwali a Nachisale, pa nkhani ya mapositala ofanana mwanena zoona, ndipo chifukwa chake n'chakuti ambiri amaima pa filter yoyamba. Koma mtambo umenewo suyenera kunyozedwa, chifukwa sunapangidwe kuti ukhale chithunzi chomalizidwa. Ken Perlin anagwira nawo ntchito ya zithunzi za kompyuta za kanema wa Tron wa 1982, ndipo anakhumudwa ndi momwe zinthu zopangidwa ndi kompyuta zinkaonekera zosalala mopitirira ngati pulasitiki. Mu 1983 anapeza njira yopangira chisokonezo chosalala, chimene chimakwera ndi kutsika pang'onopang'ono m'malo molumphalumpha ngati mpunga wa pa TV yopanda siginolo. Anaifalitsa mu 1985, ndipo mu 1997 analandira nayo mphoto ya Academy Award ya luso la zipangizo. Kuchokera pamenepo anthu amaumba utsi, miyala, madzi ndi mapiri. Ndi ufa, si nsima. Solid Noise ya GIMP ndi ya banja lomwelo, ndipo mu 2.10 mulinso Perlin Noise, Simplex Noise imene Perlin yemweyo anapanga mu 2001, ndi Cell Noise yochokera ku njira ya Steven Worley ya 1996, imene imatulutsa timagawo ngati matope ong'aluka mukunenawo.

Pa nkhani yoti munthu sanachiganize, ndikuvomera theka. Mayi Nambewe sanajambule mzere uliwonse, koma ndiwo anaona kuti pa ulendo wakutiwakuti pafika poyenera kuima, ndipo ndiwo anasankha katondo m'malo mwa buluu. Woumba mbiya sadziwa kuti moto udzasiya banga lakuda mbali iti, koma amadziwa nkhuni, amadziwa nthawi yophula, ndipo amadziwa mbiya yoyenera kupita kumsika. Pamene ndikugwirizana nanu kwathunthu ndi pa kusalemba manambala. Pamenepo mlandu ulipo.

Nachisale:
Fanizo la mbiya ndalilandira, koma woumba amabwerera ku moto wake mlungu uliwonse mpaka ngozi zija zimasanduka chidziwitso. Ngati Mayi Nambewe atabweza chithunzichi ndi manja awo, ndidzasintha mawu anga. Ndipo ganizo la chithunzi cha foni sindikulitaya, chifukwa khungwa lenileni lingathe kukhala poyambira pa ma filter omwewo m'malo mwa mtambo wa kompyuta.

Mnyamata wa ku Area 25:
Pepani akuluakulu, ndilowerere ndi kanthu kakang'ono kamene kangathandize. Mayi, manambala anu mwina sanatayike. Mu GIMP 2.10, ma filter ambiri ali ndi kabokosi kolembedwa Presets pamwamba pa zenera lake, ndipo pulogalamu imasunga yokha manambala amene munagwiritsa ntchito posachedwa, pamodzi ndi tsiku ndi nthawi. Tsegulani Solid Noise kudzera ku Filters, Render, Noise, dinani pa Presets, n'kuyang'ana tsiku limene munapanga chithunzicho. Mukalisankha, nambala ya Random seed, imene imagamula maonekedwe a mtambo, ibwerera, pamodzi ndi X size, Y size ndi Detail. Chitani chimodzimodzi pa Gaussian Blur ndi pa Unsharp Mask. Musachedwe, chifukwa mndandandawo uli ndi malire, ndipo mukapitiriza kuyesa zatsopano, zakale zimakankhidwira kunja.

Nambewe:
Achimwene, mwandipulumutsa. Ndapeza zonse za madzulo amenewo. Seed ilipo, X size ndi Y size zinali 4 ndi 4, blur inali 3, ndipo Unsharp Mask inali ndi radius 6 ndi amount 2. Ndatsegula chithunzi cha 3600 ndi 5400 monga ananenera a ku Limbe, ndathira Solid Noise ndi seed yomweyo, ndipo mtambo watuluka wofanana ndi wakale, wangotambasuka kuti udzaze chithunzi chachikulu. Ndachulukitsa ndi 4.5, kotero blur ndi 13.5 ndipo radius ndi 27, amount ndaisiya pa 2. Mizere tsopano yanenepa bwino. Koma pali zinthu ziwiri. Choyamba, njira za mizere sizikufanana ndi zakale. M'chithunzi chakale munali mzere umodzi wautali wopinda ngati mtsinje kuchokera kumtunda kumanzere, umene eni ntchito anautchula, ndipo pano waduka patatu. Chachiwiri, laputopu yanga ikutenga nthawi yaitali pa ulendo uliwonse ndipo fani ikulira ngati chigayo.

Aphunzitsi a Masamu:
Kuduka kwa mzerewo sikukundidabwitsa. Pa ntchito yobwerezabwereza ngati iyi, kusiyana kochepetsetsa pa ulendo woyamba kumakulitsidwa pa wachiwiri, n'kukulitsidwanso pa wachitatu. Mtambo waukulu uli ndi tinthu tating'ono timene pa chithunzi cha 800 tinalibe malo, ndipo pamalo pamene mzere unali pakati pa kulumikizana ndi kuduka, kanthu kakang'ono koteroko n'kokwanira kugamula. Komanso Presets sanakusungireni chiwerengero cha maulendo, kapena ngati pena munadina blur kawiri motsatizana. Choncho seed ikubwezerani mudzi womwewo, koma osati njira zake zonse.

Njira imene ndikuona kuti ingasunge mzere wanu ndi yoyambira pa chithunzi chakale chomwecho, ngakhale chili chonyansa. Chitseguleni, chichotseni mitundu kuti chikhale chotuwa, chikulitseni kufika 3600 ndi 5400 ndi Cubic, ndipo musadandaule ndi chimbuuzi kapena timabokosi. Kenako thirani blur ya 13.5 ndi Unsharp Mask ya 27 maulendo atatu kapena anayi okha. Popeza mizere yakaleyo ili kale pa kunenepa kumene ma filter amenewa amakonda, saisuntha kwambiri. Blur idya timabokosi ta JPEG chifukwa n'tating'ono kuposa mizere, ndipo Unsharp Mask inolanso m'mphepete pa kukula kwatsopano. Muime msanga, chifukwa mukapitiriza maulendo ambiri mizere iyambanso kuyenda.

Abambo a Mphatso:
Pa kulira kwa laputopu, chithunzi chanu chatsopano chili ndi ma pixel oposa 19 miliyoni, kuchulukitsa chakale koposa ka 20, ndiye kuchedwa n'koyenera. Pitani ku Image, Mode, musankhe Grayscale, ndipo ku Precision musankhe 16-bit integer. Layer imodzi yotuwa yotere ndi pafupifupi 39 MB, pamene ya mitundu yonse pa 32-bit floating point imapitirira 200 MB, ndipo GIMP imasunganso makope a Undo pa ulendo uliwonse. Pa ntchito iyi floating point ndi msampha pa chifukwa chinanso: imalola manambala kupitirira poyera penipeni ndi pakuda penipeni, pamene mizere ya Turing imafuna malire amenewo kuti ikhazikike. Koma musatsike kufika 8-bit. Imeneyo ili ndi masitepe 256 okha kuchokera pakuda kufika poyera, pamene 16-bit ili ndi 65,536, ndipo mukadzakoka Curves, chida chosinthira kuwala ndi mdima, kapena kupaka Gradient Map pa 8-bit, malo amene amayenera kusintha mosalala amaoneka mikwingwirima ngati makontuwa a paphiri. Mubwerere ku RGB pomaliza penipeni, pamene mukufuna kupaka mitundu.

Mayi Telala:
Ndakhala ndikutsatira mwakachetechete, ndipo ndili ndi funso loyandikana nalo. Ngati munthu akufuna mizere yomweyi pa nsalu, kuti chidutswa chimodzi chizibwerezedwa m'litali mwa chitenje popanda kuoneka polumikiza, achite bwanji? Ndinayesapo kamodzi ndi chithunzi china, ndipo nsalu inatuluka ndi mizere yowongoka ngati matailosi a m'bafa.

Mnyamata wa ku Area 25:
Mayi, chinsinsi ndi kuyamba ndi mtambo wolumikizika kale. Mu Solid Noise muli kabokosi ka Tileable. Mukakachonga, mbali ya kumanja imapitiriza ya kumanzere ndipo yakumunsi imapitiriza yakumtunda. Vuto ndi lakuti blur ikafika m'mphepete siidziwa zimene zili kutsidya, ndiye imawononga kulumikizanako. Njira imene ine ndimatsata ndi kuyala chidutswacho katatu m'litali ndi katatu m'lifupi ndi Filters, Map, Tile, n'kuchita maulendo onse pa chithunzi chachikulucho, kenako n'kudula chidutswa chapakati chokha pa muyeso wake weniweni. Poyesa, gwiritsani ntchito Layer, Transform, Offset, musankhe theka la m'lifupi ndi theka la m'litali, ndipo polumikiza ponse pabwera pakati pa chithunzi pamene maso angapaone. Tile Seamless iliponso, koma imasakaniza mbali ziwiri ngati zithunzi ziwiri zounjikana, kotero pa mizere yakuthwa ngati iyi imasiya mizukwa.

Nambewe:
Ndabweranso ndi lipoti. Njira ya Aphunzitsi yagwira. Ndinayambira pa JPEG yakale, ndinaichotsa mitundu, ndinaikulitsa, ndipo pa ulendo wachitatu timabokosi tonse tinali titatha, mzere wautali uja uli chilumikizire. Ndinayesa wachinayi ndi wachisanu kuti ndione, ndipo pa wachisanu timizere tiwiri ta pakona tinayamba kuphatikana, choncho ndinabwerera pa wachitatu. Chimodzi chimene sindinayembekezere n'chakuti chithunzi chatsopanocho chinayera mopitirira, chosalala ngati chodulidwa ndi lumo, pamene chakale chinali ndi kakhakhalakhakhala kena kamene kankachipatsa moyo. Apa ndinakumbukira mawu a Achemwali a Nachisale. Ndinatuluka n'kukajambula khoma la njerwa zosawotcha kuseri kwa nyumba dzuwa likupendeka, ndinaika chithunzicho ngati layer yapamwamba pa Overlay, n'kutsitsa opacity kufika 30. Kenako ndinathira Bump Map pang'ono kuti mizere ioneke ngati yokumbika. Tsopano manambala onse ndawalemba m'kope, ulendo ndi ulendo, ndipo ndasunga XCF, fayilo ya GIMP imene imasunga ma layer onse, padera.

Nachisale:
Ndaona chithunzi mwatumizacho, ndipo mawu anga ndabweza monga ndinalonjezera. Khomalo ndi limene lachichotsa m'gulu la ana a mimba imodzi aja. Koma popeza pamwamba pake padzakhala mawu, ndikupemphani kuti muchepetse kulimbana kwa kuwala ndi mdima pakati pa positala, pamene padzalembedwe tsiku ndi malo. Mizere ya kunenepa kofanana ndi zilembo imameza zilembozo, ndipo munthu wodutsa pa minibasi sadzawerenga kanthu. Ikani layer ya katondo wakuda pamwamba, muipatse layer mask yofewa m'mphepete, kuti mizere iwale mokwanira kumtunda ndi m'mbali kokha.

Abambo a Mphatso:
Kope lanulo musalitaye ngakhale mutadzasamukira ku GIMP 3.0, imene inatuluka mu Malichi 2025. Mu imeneyo ma filter ambiri amakhala pa layer ngati mndandanda umene mungautsegulenso n'kusintha manambala, ndipo amasungika mu XCF. Koma ma filter 60 ounjikana pa layer imodzi ya ma pixel 19 miliyoni angaimitse laputopu, kotero pa maulendo obwerezawo mudzaphatikizabe, ndipo mbiri ya Undo siisungika mukatseka fayilo.

Wosindikiza wa ku Limbe:
Mayi Nambewe, musanatumize positala yonse, dulani kachidutswa ka masentimita 10 mbali zonse pamalo pamene pali katondo wowala kwambiri ndi mawu ang'onoang'ono, mukasindikize pa makina ndi pepala zomwe zidzagwiritsidwe ntchito. Kompyuta imaonetsa mitundu ndi kuwala kwa RGB, pamene makina amasakaniza inki zinayi za CMYK, ndipo mitundu yofiirira yowala ndi imene imakonda kutuluka yozizira kuposa mmene munaionera. Pa pepala losanyezimira inki imalowa kwambiri, kotero malo akuda amatha kuphatikana n'kumeza njerwa zanu zija. Mukaona zimenezo, kwezani pang'ono mbali yakuda ya Curves musanapange fayilo yomaliza, ndipo mutumize TIFF kapena PDF.

Nambewe:
Kachidutswa ndakasindikiza m'mawa uno. Katondo watuluka wakuda kuposa pa laputopu, ndipo m'makona awiri njerwa sizikuoneka, monga munanenera. Ndakweza mbali yakuda ya Curves ndipo ndatsitsa layer ya pakati kufika 60. Ndikasindikizanso kachiwiri masana, ndipo ndidzaika zidutswa ziwirizo pano moyandikana kuti mundithandize kusankha.